Kavalo Akuthamanga ku Durban, Nandolo Akuthera ku Phalombe

Ku Phalombe kulibe bwalo la mjaha wa akavalo. M'Malawi monse muno mulibe malo amene akavalo amapikisana kawirikawiri ngati mmene amachitira ku Borrowdale Park ku Harare kapena ku Turffontein ku Johannesburg. Ana ambiri obadwira m'tsinde mwa phiri la Michesi amakula mpaka kumanga banja asanamuone kavalo ndi maso. Amangomumva kutchalitchi, pa nkhani ya Farao ndi ankhondo ake. Komabe lero munthu amene ali ndi foni ya intaneti ndi kandalama ku Airtel Money kapena ku Mpamba angathe, ali chikhalire pakhonde ku Chiringa kapena ku Nambazo, kubetcha pa kavalo amene akuthamanga ku Durban, ku Liverpool ngakhale ku Melbourne.

Ndikufuna ndikuuzeni za alamu anga, amuna a mlongo wanga wamng'ono. Dzina lawo sinditchula, chifukwa ana awo adakali pasukulu ndipo iwowo akuyesetsa kudzukanso. Ine ndine malume wa anawo, ndiye nkhani itafika pa ankhoswe ndinakhalapo, ndinamva zonse ndi makutu anga.

Alamu sanali munthu wosokonekera. Ndinene zimenezi poyambirira, chifukwa tikamva za juga timafulumira kuganiza za zidakwa ndi alesi. Iwowa mowa salawa. Anabwera pachikamwini ndi khasu ndi njinga yakapalasa, anaumba njerwa okha, nyumba n'kufolera malata. Namondwe wa Freddy atakokolola minda mu Malichi 2023, anali m'gulu la oyamba kulowa m'dimba kukabzalanso. Apongozi awo ankawatchula pagulu ngati chitsanzo cha mkamwini.

Kubetcha anayambira pa mpira, ngati mmene ayambira anyamata ambiri. K200, K500, matimu a ku England, tikiti m'thumba la malaya kudikira Loweruka. Kunyumba zinkadziwika ndipo palibe anadandaula kwenikweni, poti ndalama yake inali yochepa ndipo mpira umabwera kamodzi kapena kawiri pa sabata. Zinasintha nyengo yogulitsa nandolo. Tsiku lina la msika, atakweza matumba pasikelo n'kulandira ndalama, analowa m'shopu ina yobetchera kukaona zotsatira za mpira. Pakhoma panali wailesi yakanema ikuonetsa akavalo. Mnyamata wina amene anakhala nawo pabenchi anawagunda paphewa nati, "Bwana, mpira umachedwa. Izi ndi za pompopompo." Anaika K2,000 pa kavalo amene nambala yake inangowasangalatsa, ndipo pasanathe mphindi zitatu anali atadya ndalama yoposa K20,000.

Madzulo amenewo anafika ndi nyama ya mbuzi, shuga ndi chitenje chatsopano. Mlongo wanga anavina pabwalo. Asodzi a ku Chilwa amadziwa kuti nyambo yoikidwa pambedza imakhala chakudya chenicheni, chokoma ndithu, ndipo nsomba siyalakwa poyimva fungo. Kuwina koyamba kuja kunali kotero. Pa bwalo la ankhoswe alamu ananena okha kuti akanadyedwa tsiku loyambalo, bwenzi atabwerera ku mpira wawo wa K500.

Mawu a mnyamata uja, akuti pompopompo, ndi amene ali pachimake pa vutoli. Masewero a mpira amatenga mphindi 90, ndipo munthu akaluza amakhala ndi masiku angapo oti mtima uzizire. Mjaha wa akavalo umatha m'mphindi ziwiri kapena zitatu. Durban July, mjaha wotchuka wa ku Greyville umene unayamba mu 1897 ndipo umachitika Loweruka loyamba la Julayi, ndi wa mamita 2,200 okha. Ukatha mjaha wa pabwalo limodzi, wina wayamba kale pabwalo lina. Masana kuli ya ku South Africa ndi ku Britain. Melbourne Cup, ya Lachiwiri loyamba la Novembala, imathamangidwa kuno ili 6 koloko m'mawa. Kentucky Derby ya ku America imapezeka cha m'ma 1 koloko usiku. Dziko likamazungulira, kwinakwake kavalo akuthamanga, ndiye munthu wofuna kubweza zimene wadyedwa sapeza nthawi yopuma n'kudzifunsa chimene akuchita.

Tsono taganizani zimene amadziwa munthu wobetcha ali pabwalo ku Durban. Amamuona kavaloyo akumuyendetsa mjaha usanayambe, ngati akutsimphina kapena akutuluka thukuta losadziwika bwino. Amadziwa makolo a kavaloyo, amene amamuphunzitsa, wokwerapo ndi kulemera kwake, ngati amakonda nthaka yonyowa kapena youma, ndiponso mmene wathamangira miyezi yapitayi. Pali anthu amene moyo wawo wonse amangowerenga zimenezi. Ndi nzeru zonsezo, kavalo amene ambiri amamuyembekezera kuti apambana amapambana pafupifupi mjaha umodzi pa itatu iliyonse. Iwiri yotsalayo amagonja. Mu 1956, pa Grand National ku Aintree, kavalo wotchedwa Devon Loch, wa amayi a Mfumukazi Elizabeth II, anali patsogolo pa onse, atatsala ndi mamita osakwana 50 kuti amalize, ndipo anangogwa chafufumimba popanda chomupunthwitsa. Anzake anamudutsa. Ngati eni ake a masewerowa amagwiritsidwa fuwa lamoto chonchi, nanga alamu anga, amene ankasankha kavalo poona mtundu wa malaya a wokwerapo, akanapulumukira pati?

Palinso masamu amene shopu silemba pakhoma. Pa kubetcha kumene ndalama za onse zimaikidwa pamodzi, woyendetsa amayamba wachotsa gawo lake, zotsalazo n'kugawira opambana. Kumene kampani imaika yokha mitengo, phindu lake imalibisa m'mitengomo. Tiyerekeze kuti gawo lochotsedwalo ndi K20 pa K100 iliyonse, ndipo anthu a m'mudzi umodzi aika pamodzi K100,000. Mjaha woyamba ukatha, m'matumba mwawo mwabwerera K80,000. Akaikanso yonseyo, ibwerera K64,000, kenako K51,200, kenako K40,960. Pofika mjaha wachisanu yatsala K32,768. Pakati pawo wina wawina ndithu, ndipo mudzi wonse umva dzina lake, koma mudziwo wataya magawo awiri mwa atatu a ndalama yake madzulo amodzi, popanda wina kubera mnzake. Kampani sifunika kuba kuti ilemere. Imangofunika kuti muzibwerabwera.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndinachidziwa mochedwa, nditapempha alamu kuti andionetse pafoni akavalo awowo. Ena anali enieni, a mabwalo a ku South Africa ndi ku Britain. Koma ambiri mwa amene anawadyera ndalama sanali akavalo n'komwe. Zinali zithunzi zopangidwa ndi kompyuta, zokhala ndi fumbi, khamu la anthu ndi mawu a muulutsi wachingerezi, mjaha watsopano mphindi zochepa zilizonse usana ndi usiku. Wopambana amasankhidwa ndi makina mwamaere, ndipo makinawo anakonzedwa kuti pa nthawi yaitali kampani izitsala ndi gawo lake. Alamu anali ndi kope la ana asukulu, lodzaza manambala. Ankalemba kavalo aliyense wopambana, usiku ndi tochi, kufunafuna njira imene manambalawo amayendera. "Nambala 4 yakhala nthawi isanatuluke, alamu, ndiye ili pafupi," anandiuza choncho akuloza ndi chala. Ndinawayang'ana munthu wanzeru zake, wodziwa kuwerenga mitambo ndi kusunga mbewu, akufufuza khalidwe la nyama imene kulibe. Makinawo sakumbukira za mjaha wapita. Nambala 4 ikhoza kusowa kakhumi, mwayi wake pa mjaha wotsatira n'kukhala womwe uja.

M'mayiko amene akavalo amathamangadi, nkhani yobetcha pa mjaha woulutsidwa kuchokera kwina anailimbana kalekale, ndipo anaiikira malamulo olimba. Ku America, lamulo la Interstate Horseracing Act la 1978 limati malo obetchera a m'chigawo china sangalandire ndalama pa mjaha wa chigawo china popanda chilolezo cha eni bwalo limene mjahawo ukuchitikira, cha bungwe la boma loyang'anira mijaha kumeneko, ndi cha bungwe loyang'anira kumene kuli wobetchayo. Eni bwalowo nawonso amayenera kugwirizana kaye ndi eni akavalo. Ku Britain, kuyambira 1961 makampani obetchetsa amapereka msonkho wapadera wobwerera ku masewero a akavalo, ndipo mu 2017 anaukhazikitsa pa 10 peresenti ya phindu, n'kuukulitsa kuti ugwirenso makampani amene maofesi awo ali kunja koma akulandira ndalama za anthu a ku Britain. Ku South Africa kuli National Horseracing Authority, imene imapereka ziphaso kwa okwera ndi ophunzitsa akavalo, imayeza akavalo ngati abayidwa mankhwala, ndipo imatha kusintha zotsatira za mjaha ngati wina wachita chinyengo.

Onani mmene zilili kumeneko. Ndalama ya woluza imalipirako wodyetsa akavalo, dokotala wa ziweto, wotchetcha udzu pabwalo, ndipo woyang'anira chilungamo ali pomwepo ndi maso ake. Sindikunena kuti juga ya kumeneko ilibe misozi. Ku Britain komweko boma linachita kutsitsa ndalama yoika pa makina a m'mashopu obetchera kuchoka pa mapaundi 100 kufika pa mapaundi 2 mu Epulo 2019, litaona mmene mabanja ankapasukira. Koma wa ku Phalombe amalandira mbali yowawa yokha. Ndalama yake ikatuluka m'foni sipita kukakonza mlatho wa ku Nkhulambe kapena kugula bedi kuchipatala cha ku Migowi mwanjira imene iye angaione, ndipo mjaha ukakhala wokayikitsa alibe khomo loti akagogode.

Kwathu kuno malamulo alipo. Lamulo la juga la 1996 linakhazikitsa Malawi Gaming Board, la 2003 linabweretsa National Lotteries Board, ndipo lamulo latsopano la 2022 linaphatikiza ziwirizi kukhala Malawi Gaming and Lotteries Authority, imene ambiri amangoti MAGLA. Bungweli ndi limene limapereka ziphaso kwa makampani, ndipo mwana wosakwana zaka 18 saloledwa kubetcha. Kubetcha pa masewero kunayamba kufalikira Premier Bet itayamba ntchito m'dziko muno mu 2015, ndipo makampani ena anatsatira. Mu 2020, Christopher Bunn wa ku University of Glasgow ndi anzake ofufuza a kuno kwathu anafalitsa kafukufuku wa mmene malondawa anakulira ku Lilongwe, ndipo anapeza amuna amene ankatenga kubetcha ngati njira yopezera ndalama, n'kumaikako ngakhale ya zofunika pakhomo. Chaka chotsatira ena mwa ofufuza omwewo analemba za mnyamata wa zaka 16 wa kumudzi amene anadzipha chifukwa cha juga. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limawerengera chizolowezi chosalamulirika cha juga m'gulu la matenda.

Koma mphamvu ya MAGLA imathera m'malire a dziko lino. Ingathe kulanga kampani ya chiphaso chake ikakana kulipira wopambana, koma singayeze magazi a kavalo wa ku Kenilworth ku Cape Town, ndipo tsamba la pa intaneti la kampani yakunja yopanda chiphaso cha kuno silingaitanidwe ku Blantyre kukayankha mlandu. Ndiponso kuchoka pa lamulo lolembedwa kufika pabenchi ya m'shopu ya pamsika wa kumudzi pali mtunda wautali. Foni sifunsa zaka za amene waigwira. Mwana wa Fomu 2 wotumidwa kukatapa ndalama kwa ejenti amadziwa nambala yachinsinsi ya amayi ake.

Boma la Phalombe lili ndi anthu oposa 400,000 malinga ndi kalembera wa 2018, ndipo ambiri amaona ndalama yochuluka kamodzi pachaka, akagulitsa nandolo, mpendadzuwa, mpunga kapena fodya. Ndalama imeneyo ndi imene imayenera kugula feteleza, kulipira fizi ndi kufikitsa banja ku Febuluwale. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu m'sitolo anakwera, ndipo ndalama ya mlimi inayamba kuoneka yochepa kuposa kale. Munthu akagwira ndalama imene akudziwa kuti sikwanira thumba la feteleza, mawu oti "ichulukitseni" amamveka ngati nzeru. Ndi chifukwa chake sindivomereza akamati obetcha onse ndi adyera. Ambiri ndi anthu amene masamu a pakhomo akuwakanika, ndipo malonda amenewa amawapeza pa nthawi imene ali ofooka.

Ine pempho langa kwa MAGLA ndi laling'ono poyerekeza ndi phindu la makampaniwa. Mjaha wopangidwa ndi kompyuta uzilembedwa poonekera, m'Chichewa, kuti si akavalo enieni ndipo palibe luso limene lingathandize munthu kuwina. Alamu anga Chingerezi chawo n'cha Sitandade 8. Mawu ang'onoang'ono a pansi pa sikirini sanawauze kanthu. Kampani yofuna kuonetsa mijaha yakunja izisonyeza kuti ikuitenga ku mabwalo amene ali ndi oyang'anira odziwika. Ndipo popeza ndalama zambiri zikudutsa m'foni, pakhale njira yapafupi yoti munthu adziikire malire a tsiku kapena adzitsekere yekha kwa miyezi, pa makampani onse nthawi imodzi, osachita kukwera minibasi kupita m'tauni. Khonsolo ya Phalombe nayo, imene imapereka ziphaso za malonda m'misika yathu, ili ndi pakamwa pofunsa ngati shopu yobetchera iyenera kuyandikana ndi sukulu. Mafumu athu, a Mkhumba, a Nazombe, a Kaduya, a Jenala ndi anzawo, akhala akulankhula mwamphamvu za maukwati a ana. Nkhani iyinso ndi yoyenera kumveka pamabwalo awo nyengo yokolola isanafike.

Za alamu zinaululika chonchi. Ndalama ya nandolo inali yoti igule feteleza, ndipo iwo ankati aisunga ku foni kuopa akuba. Mvula yoyamba itagwa, mlongo wanga anati, "Bambo a mwana, tiyeni tikatape ndalama ija, anzathu ayamba kuthira." Iwo anati netiweki ikuvuta. Mawa lake anati ejenti alibe ndalama. Tsiku lachitatu anachoka m'mamawa n'kubwera usiku wapansi, njinga palibe. Anali ataipinyolitsa kwa wakatapila kuti apeze yobwezera imene inadyedwa, ndipo nayonso inapita tsiku lomwelo. Choopsa chinali chisanadziwike. Mlongo wanga ndi amene ankasunga bokosi la banki m'khonde ya amayi a m'mudzimo. Makiyi ake amasunga anthu ena atatu, koma alamu anali atamasula zomangira za chivundikiro kumbuyo, n'kubwezeretsa bwinobwino. Tsiku la msonkhano amayi anatsekula bokosi pamphasa, anthu onse akuona, ndipo ndalama inapezeka yoperewera kwambiri. Amene anatchedwa wakuba pamaso pa anzake ndi mlongo wanga.

Anafika kwathu dzuwa litapendeka, mwana kumbuyo, maso ali psuu. "Achimwene, ine ndalama ya anthu sindinadye. Kafunseni alamu anu." Sanalire mokweza. Anangokhala pansi n'kuvula mpango kumutu.

Pa bwalo, ankhoswe a mbali zonse atakhala, alamu sanakane kanthu. Anatulutsa kope lija n'kuliika pansi. Nkhoswe ya kwawo, bambo wachikulire, inafunsa kuti, "Mphwanga, pamene unkatsekula bokosi la eni ake, unkaganiza chiyani?" Iwo anayankha kuti sankaona ngati akuba, ankaona ngati akubwereka kwa maola awiri okha, chifukwa mumtima anali otsimikiza kuti mjaha wotsatira ubweza zonse, n'kutsalanso ya feteleza. Ndikukhulupirira kuti ankanena zoona, ndipo n'chimene chimandiopsa. Matendawa amagwira munthu pa malo amene amaganizira, mpaka kuba kumaoneka ngati kukonza zinthu. Achibale ena a kwathu ankafuna kuti mkamwiniyo anyamule zake azipita, poti mudzi ndi wathu ndipo munda ndi wa mkazi. Mlongo wanga ndiye anakana. Anati ana ake asakule opanda bambo chifukwa cha zithunzi za pafoni, koma anaika mfundo zake, ndipo ankhoswe anazivomereza.

Foni ya intaneti inagulitsidwa, ndalama yake n'kupita kubokosi la amayi. Alamu tsopano ali ndi yamabatani. Mbuzi ziwiri zinapitanso komweko. Chaka chimenecho munda unalimidwa wopanda feteleza, chimanga chinatha mwezi wa Okutobala usanafike, ndipo mwana wawo wamkulu anakhala pakhomo teremu yathunthu kusowa fizi. Alamu anakagwira ganyu m'minda ya ku Mozambique kuti awombole njinga, koma atabwera anapeza chiwongoladzanja chaposa mtengo wa njingayo, ndipo anaisiya. Amandiuza kuti mpaka pano akamadutsa pamsika n'kumva mawu a muulutsi uja akutuluka m'shopu, m'manja mumawatuluka thukuta, ndiye tsiku la msika amayenda ndi mkulu wina wa kumpingo kwawo. Ngongole ya kubanki m'khonde sinathe, amayi aja anavomera kudikira mpaka kukolola, ndipo tinagwirizana kuti chaka chino wokagulitsa nandolo ndi kusunga ndalama yake akhala mlongo wanga.